Maungu Oseka a Atsibweni Gerevazio

Pa maliro a atsibweni anga a Gerevazio, mmodzi mwa adzukulu okumba manda anavala malaya akuda ojambulidwa mafupa a munthu. Nthiti zonse zinali pachifuwa, zoyera mbuu, ndipo akaweramira fosholo msana wake unkaonetsanso mafupa ena otsika mpaka m'chiuno. Anaima pamwamba pa mulu wa dothi lofiira, aliyense akumuona, akwaya, amayi a bungwe, akuluakulu a tchalitchi. Palibe amene anatsokomola n'komwe. Anali malaya chabe a pa kaunjika, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. Ine ndinayang'ana pansi, nkhope ikutentha, chifukwa nsalu za mtundu womwewo ndi zimene zinachotsa atsibweni pa benchi yakutsogolo n'kuwakhazika pakhomo la tchalitchi mpaka imfa yawo. Tsopano patha chaka chiwaikire m'manda, koma kutentha kwa nkhope kuja sikunandichoke.

Anali mlongo wawo wa amayi anga, woyamba kubadwa, telala wa m'mudzi mwathu kufupi ndi Guilleme, ku Mchinji. Makina awo opalasa ndi mapazi ankakhala pakhonde, ndipo ankamveka mpaka kumjigo. Tepi yoyezera inali m'khosi tsiku lonse ngakhale manambala ake anafufutika kalekale. Ankangokukulungiza nayo kuti mtima wako ukhale pansi, muyeso weniweni atautenga kale ndi maso pomwe umalowa pabwalo. Mathalauzi othina ankakana kusoka. Mnyamata akaumirira, ankamuuza kuti apite nayo nsalu yake ku boma, iwo sangamange mwana wa munthu miyendo ngati mbuzi yopita kumsika. Khutu lawo lakumanja linali logontha, choncho kutchalitchi ankakhala kutsogolo, kumapeto kwa benchi, atatembenuzira khutu labwinolo kuguwa. Malo amenewo aliyense ankawadziwa. Ngakhale mlendo akakhalapo mosadziwa, wina ankamukodola.

Sanali munthu wofewa, ndisaname. Ankakangana ndi amayi anga pa chilichonse, mchere wa m'ndiwo, malire a dimba, ngakhale dzina la mwana wanga woyamba limene ankati ndi lovuta kutchula ngati mankhwala. Koma mkangano wawo wakale kwambiri unali ndi a Likisho, amene anakulira nawo limodzi ndipo pambuyo pake anadzakhala tcheyamani wa tchalitchi chathu chaching'ono. Atsibweni ankati a Likisho amaimba ngati akuitana ng'ombe. A Likisho ankati atsibweni amasoka matumba osaya dala kuti anthu azitaya makiyi. Komabe jekete la bulauni limene a Likisho ankavala polengeza Lamulungu, anasoka ndi atsibweni omwewo.

Ntchito yawo yambiri inali ya zigamba. Kwathu anthu ogula nsalu yatsopano ndi ochepa, koma makabudula ong'ambika pamatako satha. Ankakonda kunena kuti chovala sichikalamba chonse pamodzi, ndiponso kuti wong'ambika kabudula si wosauka, wosauka ndi amene alibe womuikira chigamba. Nsalu za zigambazo ankakatenga pa kaunjika ku boma, nthawi zina n'kupalasa njinga mpaka kumalire kumene amayi a ku Zambia amayala salaula, kaunjika wa kwawoko. Sankalimbirana ndi anthu belo likamatsegulidwa. Ankakhala pambali akusenda mtedza, kudikira kuti onse asankhe, kenako n'kutola zotsala. Zotsalazo kawirikawiri zinkakhala za mtundu umodzi: zakuda bii, zina zofiirira ngati mkati mwa dzungu lakupsa, zojambulidwa zinthu zimene ogula ankangoziyang'ana n'kuziponya uko. Panali mileme, akangaude ndi maukonde awo, mafupa a anthu, amphaka akuda otukula misana, ndiponso maungu okhala ndi maso ndi mano.

Chilichonse anali nacho tanthauzo lake, ndipo sankafunsa munthu. Kangaude ankati ndi telala mnzawo, woyamba kudziwa ulusi, ndiye ankamuika pabondo pomwe pamafuna mphamvu. Mafupa sankawaopa, ankati tonse tili otero mkati, kungoti ena anakutidwa bwino. Kadzidzi yekha ndiye sankamulola. Akamupeza pansalu ankamudula ndi sizasi mozungulira, n'kukamuponya m'chimbudzi asanalowe m'nyumba. Tsiku lina anabwera ndi chipewa chakuda chachitali, chosongoka kumwamba ngati nsonga ya nkhokwe. Anadula nsongayo, n'kusoka pamwamba, ndipo chinawateteza kudzuwa m'munda wa fodya mpaka chinayoyoka.

Koma maungu ndiwo anawatenga mtima.

"Taona, mwana wa mlongo wanga," anandiuza tsiku lina atatambasula kamalaya pamwendo. "Azungu nawonso akulidziwa dzungu. Alijambula likuseka. Lilekerenji kuseka? M'mwezi wa Febuluwale nkhokwe zikauma, amatipulumutsa ndani?"

Maunguwo sankawaika pamatako pa munthu, ankati n'kupanda ulemu. Ankawadula bwinobwino n'kumawasunga m'thumba la feteleza lochapa, zaka ndithu, osanena cholinga.

Cholingacho chinadziwika chaka china pa nthawi ya masika, pamene akhristu timapereka zokolola kutchalitchi. Tebulo loikapo zoperekazo linali lodyedwa ndi chiswe, lochititsa manyazi, ndipo chaka chilichonse amayi a bungwe ankangoliphimba ndi zitenje zobwereka. Atsibweni anasoka nsalu yaikulu yakuda, m'mphepete n'kuikamo mpendero wofiirira, pakati n'kundandalika maungu awo onse m'mizere ngati m'munda. Ena anali ndi mano awiri, ena mano ambiri, ena otsinzina diso limodzi. Anayamba kusoka mvula itangogwa, anamaliza chimanga chili m'nkhokwe. Lamulungu limenelo anaiyala okha patebulo, akuwongola makwinya ndi zikhatho, ndipo amayi anaimba nthungululu. Pamwamba pake panaunjikidwa chimanga, mtedza, nyemba ndi maungu enieni. Sindinawaonepo atsibweni atawongoka msana ngati tsiku limenelo. Ngakhale a Likisho anati, monyinyirika, nsaluyo yakhala bwino.

M'tchalitchimo munali mphunzitsi wina wamkazi amene anali atangotumizidwa kumene kudera lathu kuchokera kummwera. Tinkangowatchula kuti a madamu. Sanali munthu woipa, anali munthu wamantha. Mapemphero atatha anakokera pambali akazi a a Likisho n'kuwaonetsa zithunzi pafoni. Munali anthu opaka magazi kumaso, manda, akazi ovala zipewa zosongoka atakwera matsache, ndipo pakati pa zonsezo panali maungu omwe aja, mano omwe aja, moto ukuyaka m'maso mwake. Anati chimenechi ndi chikondwerero cha Halowini, usiku umene kunja amalemekeza afiti ndi mizimu yoipa, ndipo dzungu losekalo ndiye chizindikiro chake chachikulu. Foniyo inayenda m'manja ambiri tsiku limenelo anthu asanafike m'makwawo.

Lamulungu lotsatira tebulo linali lopanda kanthu. Pa nthawi ya zolengeza a Likisho anaimirira, atavala jekete la bulauni lija, n'kunena kuti nsalu ija yachotsedwa chifukwa yapezeka ndi zizindikiro za kumidima. Anawonjezera kuti akhristu tichenjere ndi zinthu zimene timalandira kwa anthu ena, pakuti Satana amalowa ngati wothandiza. Dzina sanatchule. Panalibe chifukwa chotchulira, makosi onse anatembenukira kumapeto kwa benchi yakutsogolo. Atsibweni anali atamva theka lokha. Anafunsa wokhala nawo pafupi kuti akuti chiyani, koma munthuyo anasendera kutali.

Zimene zinatsatira ndimachita nazo manyazi kuzilemba, chifukwa anazichita ndi anthu athu, amene tinkadyera nawo mbale imodzi pa maliro ndi pa maukwati. Amayi a m'mudzimo anayamba kufufuza zovala za ana awo, n'kumamatula zigamba ndi malezala. Wopeza kangaude pabondo la mwana wake ankathamanga nako kabudulako kukaonetsa anzake. Ena anatentha zovala zonse, ana n'kumayenda ndi malaya okha. Wina anakumbukira chipewa cha kumunda wa fodya chija, n'kunena kuti nsongayo anaidula pofuna kubisa. Kenako mwana wa pabanja lina anadwala malungo mpaka kukomoka, ali ndi mleme pakabudula. Anamutengera kuchipatala ndipo anachira, koma m'mudzi munamveka kuti wachira chifukwa kabudulayo anatenthedwa. Njira yodutsa pakhonde la atsibweni inamera udzu. Mawu oti mfiti sananenedwe pamaso pawo, koma ankamveka bwino kumjigo ndi kuchigayo.

Tinkayembekeza kuti munthu waukali ngati iwo akatukwana mudzi wonse. Sanatero. Anapempha kuti awone zithunzizo ndi maso awo, ndipo ndinawabweretsera pafoni ya mwamuna wanga. Anavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi, n'kuyang'ana nthawi yaitali osaphethira.

"Ndiye kuti ine ndidakayala zimenezi pamaso pa Ambuye?" anafunsa.

"Simunadziwe, atsibweni."

"Kusadziwa n'kwa mwana. Ine imvi zonsezi, ndidachotsa kadzidzi n'kusiya mwini wake."

Tsiku lomwelo anatenga nsalu ya masika ija, imene inali itabwezedwa m'jumbo, n'kuyamba kumasula ulusi msoko ndi msoko. Akanatha kungoitentha, koma anati chimene wasoka ndi manja uchimasule ndi manja. Anazula maungu onse a kuseri kwa nyumba. Kuyambira pamenepo sanadyenso dzungu, ngakhale nkhwani wotendera amene kale ankanyambita mbale yake. Lamulungu lotsatira ananyamula kampando kawo kosokera n'kukakhala pakhomo la tchalitchi, mkati pang'ono, pomwe amaimika maambulera nthawi ya mvula. Palibe amene anawathamangitsa kutsogolo. Palibenso amene anawaitana kuti abwerere. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe. Lambeyo ine sindinamuonepo, koma atsibweni ndinawaona akuchepa m'jekete lawo lomwe.

Choonadi chinabwera ndi mlendo. Pa tchuthi china kunabwera mnyamata wophunzira za unsembe ku Kachebere kudzathandiza kuphunzitsa katekisimu. Posadziwa nkhani za m'mudzi, anapita ndi thalauzi lake kwa telala wapafupi kuti amupindire. Ali pakhondepo anaona kachidutswa ka dzungu losekalo kakupukutira mafuta a makina, ndipo anaseka. Anati limeneli amalidziwa, aphunzitsi ake ena anachokera kumayiko a azunguwo. Halowiniyo ndi madzulo a tsiku lotsogolera chikondwerero cha Oyera Onse, ana amavala zoopseza n'kumagogoda m'makomo kupempha maswiti, ndipo dzungulo amaliboola n'kuikamo kandulo ngati nyali. Anati akhristu ena kumeneko sazikonda, ena amangoti ndi masewera, koma telala wa ku Mchinji wosoka nsalu ya masika alibe tchimo lililonse pamenepo.

Atsibweni anamupempha kuti abwereze kukhutu labwino. Atabwereza, atsibweni anatsamiritsa manja pa gudumu la makina.

"Maswiti," anatero. "Ana opempha maswiti."

Kenako anamufunsa ngati angakanene zimenezo kutsogolo Lamulungu. Mnyamatayo anati iye ndi mlendo, zolengeza zili m'manja mwa komiti, koma akawafotokozera a tcheyamani. Anakawafotokozeradi, ndipo tchuthi chitatha anabwerera kusukulu kwake.

Patapita masiku a Likisho anatulukira pakhonde, atapinda thalauzi kukhwapa ngati abwera ndi ntchito. Ine ndinali pomwepo ndikusankha mtedza ndi amayi.

"Achimwene, zija tiziiwale," anatero a Likisho atakhala pansi. "Kudali kusamvetsa. Ine mumtima mwanga sindidakhulupirirepo."

"Mudazinena kuti?" anafunsa atsibweni.

"Aa, achimwene."

"Ndikufunsa, mudazinena kuti? Pano pakhonde?"

"Kutchalitchi."

"Mudazinena kutsogolo, mutaimirira, mutavala jekete losoka ine. Mukazichotse komweko, mutaimirira, mutavala jekete lomwelo. Mawu awiri okha. Gerevazio si mfiti. Basi."

"Amenewo ndi atatu," anatero a Likisho poyesa kuseka. Palibe amene anaseka nawo. Ndiye anayamba kufotokoza kuti nkhani yagona kale, kuidzutsa n'kuyambanitsa anthu, a madamu achita manyazi, komiti ioneka ngati yopanda nzeru. Anati aona nthawi yabwino. Thalauzi lija analisiya, ndipo atsibweni analisoka bwinobwino, matumba akuya.

Kuchokera pamenepo anthu anayamba kubwera mmodzimmodzi. Aliyense ankasuzumira kaye kunjira, n'kukhala pansi, n'kunena motsitsa mawu kuti iye sanakhulupirirepo, anali ena. Ukanawerenga onse amene sanakhulupirire, ukanadabwa kuti makabudula aja anatentha ndani. A madamu nawonso anabwera, analira misozi yeniyeni, n'kusiya paketi ya shuga, ndipo chaka chisanathe anasamutsidwira kwina. Ntchito inabwerera, udzu wa panjira unapondedwanso. Atsibweni ankalandira aliyense, ankasoka, koma zigamba zawo tsopano zinali zakhaki ndi zotuwa zokhazokha. Kutsogolo sanabwerere. Amayi anga anawakalipira kuti asiye mwano, malo awo alipo, angopita akakhale. Anayankha kuti munthu wotulutsidwa ndi belu salowa ndi kunong'ona.

Amayi ndi ine tinapita kwa a komiti. Anatilandira mwaulemu, anati akambirana Pasaka ikatha. Pasaka itatha kunali zomanga chimbudzi cha tchalitchi, kenako zisankho za komiti, zimene a Likisho anapambananso. Sindikuganiza kuti ankawada atsibweni. Kungoti kuimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti tinalakwa ndi katundu wolemera, ndipo aliyense ankayembekeza kuti mwini nkhani atopa. Anaiwala kuti mlandu suwola.

Chimene sindidzaiwala ndi nthawi ya zolengeza. Pa mapemphero onse atsibweni ankakhala atazolika, kolona ili m'manja, chifukwa pakhomopo sankamva kanthu. Koma a Likisho akangoimirira ndi kapepala kawo, atsibweni ankadzutsa mutu, n'kutembenuzira kutsogolo khutu lakumanzere, chikhatho atachikhomeka kuseri kwake. Ankakhala choncho mpaka chilengezo chomaliza. Kenako dzanja linkatsika pang'onopang'ono n'kubwerera pabondo. Lamulungu lililonse, zaka zonsezo, ife tikuona.

M'zaka zomwezo dziko linasintha malaya. Zovala zija zimene zinkatsalira pansi pa belo zinayamba kupachikidwa pamwamba, pa mahang'ala. Anyamata a kabaza ku boma anayamba kuvala zigaza pachifuwa. Kumapeto kwa Okutobala timamva kuti kumalo ena achisangalalo achinyamata amavina atadzipaka kumaso, atavala zakuda ndi zofiirira, n'kumajambulana. Ngakhale mdzukulu wa a Likisho anabwera kutchalitchi ndi juzi ya ukonde wa kangaude, n'kudutsa pafupi ndi kampando ka atsibweni polowa. Iwo anangoyang'ana msoko wa paphewa n'kunena kuti waphwasuka, abwere nayo Lolemba.

Anadwala mvula ili pakati. Miyendo inatupa, makina anaima. Lamulungu lawo lomaliza sanathe kudzuka, ndiye pochokera kutchalitchi ndinalowa kukawaona. Sanandifunse za ulaliki kapena za nyimbo.

"Alengeza zotani?"

Ndinawauza kuti akwaya akumana Lachitatu, kuti Loweruka kuli kulambula kumanda, ndiponso kuti amene sanabweretse njerwa abweretse.

"Basi?"

"Basi, atsibweni."

Anagwedeza mutu n'kutembenukira kukhoma. Anamwalira mkati mwa sabata yomweyo.

Pa maliro a Likisho anavala jekete la bulauni. Anaimirira pafupi ndi bokosi, anthu atadzaza bwalo mpaka kunjira, n'kulankhula mokweza ngati akuitana ng'ombe zija. Anati malemuwa anali mkhristu weniweni, anati ananamiziridwa nkhani yoipa chifukwa cha kusadziwa kwathu, anati Gerevazio sanali mfiti ndipo tchalitchi chikupepesa. Ndikukhulupirira kuti ankanena zochokera mumtima. Anthu onse anavomereza mokweza kuti eee, n'zoona. Zinatenga nthawi yochepa kuposa kulengeza za njerwa. Amayi anga, amene anakangana ndi mlongo wawoyo moyo wonse, anadzuka pamphasa n'kufuula kuti, "Mukuuza ndani? Khutu lakelo lili m'bokosi!" Amayi anzawo anawagwira n'kuwakhazika pansi, akwaya n'kuyambitsa nyimbo msanga. Sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo, manyazi a mudzi wonse, a ife amene tinkadziwa choonadi n'kumachinong'ona pakhonde.

Makina anatengedwa ndi mwana wawo wa ku Lilongwe. Pakhonde patsala timaenje tinayi pomwe miyendo ya makinawo inadya dothi, ndi banga lakuda la mafuta. Msomali wopachikapo tepi ulipo, tepiyo tinawaika nayo. Chaka chino kudzala la kuseri kwamera dzungu lokha, popanda wodzala. Layanga kuzungulira nyumba, lakwera pakhonde, ndipo labereka limodzi lalikulu pakati pa timaenje tija. Ana amalidutsa, mbuzi zalisiya. Amayi anga anati pasapezeke wolithyola, ndipo tsopano layamba kufiira.

Kampando kawo kakadali pakhomo la tchalitchi, pomwe amaimika maambulera. Osesa amakasuntha n'kukabwezera pomwepo. Malo a kumapeto kwa benchi yakutsogolo anatengedwa kalekale ndi ena, koma pakampandopo sipakhala munthu, ngakhale tsiku la Khirisimasi pamene anthu amaimirira mpaka panja. A Likisho akadali kulengeza. Akangoimirira ndi kapepala kawo, tchalitchi chonse chimayang'ana kutsogolo molimbika, ndipo palibe amene amatembenuka.